Mayi wakuba mbewu ya mudzi: sabata yanga patebulo la masewero

Ndimagwira ntchito pamalo a achinyamata ku Kabwata mu Lusaka, ndipo gawo langa ndi kutsogolera masewero a nthano apatebulo, makamaka Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Ine ndimafotokoza dziko ndi anthu ake, osewera amanena zimene ngwazi zawo zichite, dayisi ya mbali 20 n'kutiuza ngati zatheka. Zili ngati nthano za agogo, kungoti omvera samangoyankha kuti "tilitonse", amalowa m'nkhanimo n'kuikhotetsa.

Lolemba magetsi kunalibe, choncho nkhani ya sabata ino ndinailemba m'kope. Mudzi wagwa m'chilala. Mfumu yatsekera chimanga m'nkhokwe kuti chikhale mbewu mvula ikadzagwa, koma wina akumatapa usiku, ndipo ngwazi zalembedwa ganyu yomugwira. Ndinasamala kuti mfumuyo isakhale yankhanza, chifukwa ikakhala yoipa palibenso chovuta, ana amangosolola malupanga. Funso limaluma pamene mbali zonse ziwiri zili ndi chilungamo chake.

Lachiwiri anabwera a giredi 10 ndi 11. Ngwazi zawo zinabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kugwira wakubayo: mayi wamasiye wa ana atatu. Mnyamata amene amasewera paladin, msilikali wolumbira, ndiye anayamba kulankhula. "Ankolo, papepala la ngwazi yanga palembedwa lawful good, wabwino wotsata malamulo. Ndimupereka kwa mfumu basi." Mtsikana wina, kwawo ku Petauke, sanadikire kuti ndiyankhe. Anati pachilala cha 2024 agogo ake ankadya kamodzi patsiku, ndiye iye sangamange munthu wanjala. Mawu ake ankanjenjemera. Wachitatu anati, "Tingoponya dayisi, ankolo, nthawi ikutha."

Ndinakana. Dayisi ndi yoona ngati wakwera khoma, kapena ngati mlonda wakhulupirira bodza lako. Si yogamula chabwino ndi choipa. Kwa wa paladin ndinati mabokosi 9 a khalidwe a m'masewerowa, kuyambira lawful good mpaka chaotic evil (woipa wosasamala malamulo), amafotokoza mmene munthu wako amakhalira nthawi zambiri, koma samakulamula chochita. Kenako ndinamufunsa kuti lumbiro lake lija analumbirira kuteteza ndani. Apa ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneku ndiye mbali yovuta kwambiri ya ntchito yanga, chifukwa maganizo anga ndimakhala ndili nawo ndithu. Koma wotsogolera akangoonetsa kumene wapendekera, ana amasiya kuganiza n'kuyamba kufuna yankho lomusangalatsa.

Anakangana mpaka kunja kunayamba kuda. Anagwirizana zopita naye mayiyo kwa mfumu, kukamulankhulira, ndi kupereka golide wawo kuti akagule chimanga kumzinda wakutali. Sindinawaombere m'manja, sindinawalangenso. Ndinangowauza zotsatira zake: ulendowo ndi wamasiku ambiri panjira ya achifwamba, ndipo madengu awiri amene anadyedwa kale akutanthauza kuti munda wa banja lina ukhala wosadzalidwa. Banjalo lili ndi nkhope, adzakumana nalo.

Lachitatu kunabwera mayi a mnyamata wa paladin uja. Anamva kuti mwana wawo amatchula za afiti ndi zilombo, ndipo anafunsa mosabisa ngati izi si zausatana. Mantha amenewa sindimawapeputsa. Makolo ambiri ku America anali nawo m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuno nkhani zotere timazitenga mwamphamvu. Ndinati, "Amayi, khalani pansi muone nokha." Ndinawaonetsa mapepala, masamu ake, ndi nkhani ya nkhokwe ija. Lachinayi anabweradi, nakhala pakona mpaka kumapeto. Potuluka anandiuza kuti mfumuyo inalakwa posaitanitsa msonkhano wa mudzi isanatseke nkhokwe. Mfundo imeneyi palibe mwana anaiganiza, ndipo ndailemba kuti ilowe pamlandu wa sabata yamawa.

Loweruka ndimatsogolera akuluakulu pakafe ina chakufupi ndi Great East Road. Iwo anafika pafunso lakale la masewerowa: mwagonjetsa ma goblin, tizilombo tooneka ngati anthu, kuphanga, mkati mwapezamo ana awo, mutani nawo? Pagulu lililonse, tisanayambe nkhani, timakhala ndi tsiku lokambirana zimene sitikufuna kuona patebulo, ndipo pakati pa tebulo timaika khadi lolembedwa X, njira imene wokonza masewero wina, John Stavropoulos, anayambitsa. Aliyense akaligwira, timasiya zimenezo osafunsa chifukwa. Bambo wina atayamba kufotokoza mmene angayatsire moto pakhomo la phanga, mlongo wina anagwira khadilo. Ndinati, "Chabwino, motowo tauchotsa. Anawo ali moyo ndipo akukuyang'anani. Mukuchita chiyani?"

Bamboyo anadandaula pang'ono kuti ndi masewero chabe. Popuma ndinamutengera pambali n'kumuuza kuti, "Akulu, ngwazi yanu ikhoza kukhala youma mtima, koma amene mwakhala nawo patebulo ndi anthu enieni." Anamva. Titabwerera, gululo linanyamula ana asanu a ma goblin kupita nawo kumudzi umene makolo awo ankauvutitsa, ndipo tsopano ndili ndi sabata imodzi yoganiza kuti ndani m'mudzimo angawatsegulire chitseko, komanso adzafuna malipiro otani.