Wotchi yanga ikuti lero ndi pa 29 Febuluwale

Loweruka, 1 Malichi 2025, Nchalo

Ndadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo nditayang'ana pamkono ndapeza wotchi ikunama. Ikuti lero ndi pa 29. Febuluwale wa chaka chino wathera pa 28, koma iyo sidziwa zimenezo, kwa iyo mwezi uliwonse uli ndi masiku 31. Ndi Seiko 5 imene malemu bambo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo kasanu pachaka ndimaisunthira deti ndi dzanja: akatha Febuluwale, Epulo, Juni, Sepitembala ndi Novembala. Lero kabatani ka m'mbali kakana kukokeka. Thukuta la kuno kuchigwa silisiya kanthu, ngakhale chitsulo.

Nditamwa tiyi ndakwera kabaza kupita kumsika, kwa mkulu uja wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. Masiku ano ntchito yawo yambiri ndi kusintha mabatire ndi malamba, ndiye akaona wotchi yoyendera sipuling'i nkhope imawala.

"Aphunzitsi, mwabwera naye wodwala wanu uja?"

"Eya bambo, wakana kudzuka m'mwezi watha."

Avala kagalasi kawo padiso, atsegula, apukuta litsiro, adontheza kamafuta. Ali mkati mwa ntchitoyo pafika mnyamata wina atanyamula wotchi yonyezimira, yolembedwa Patek Philippe, dzina la kampani ya mawotchi odula kwambiri ya ku Switzerland, akuti anaigula kwa wogulitsa zoyendayenda ku Limbe pamtengo wa nkhuku ziwiri. Amafuna kudziwa ngati ndi yagolide. Pankhope pake panali timabwalo ta tsiku, mwezi, ndi kachithunzi ka mwezi wakumwamba. Mkuluyo atsegula kumbuyo, m'katimo muli batire. Timivi tating'onoto n'tomata, sitiyenda. "Mwana wanga, nthawi ikuuza bwino, ivale. Koma usakalonjeze nayo chikwati." Tonse pakhondepo taseka, mwini wake yemwe.

Ine kuseka kwanga kunali ndi kansanje pang'ono, chifukwa mawotchi enieni a mtundu umenewu ndi matenda anga. Ndilibe ngakhale imodzi ndipo sindidzakhala nayo, koma zithunzi zake zadzadza foni. Amawatchula kuti perpetual calendar, ndipo luso lake ndi lomwe Seiko yangayi ilibe. M'kati muli kagudumu kamene kamazungulira kamodzi pa zaka zinayi, masiku 1,461, ndipo m'mphepete mwake muli malo 48, mwezi uliwonse ndi malo ake. Mwezi wa masiku 31 sachekapo, wa masiku 30 amacheka pang'ono, Febuluwale amacheka mozama. Kachitsulo kena kamagwera m'mipatamo, ndipo kuzama kwa mpata ndi kumene kumauza deti kuti lidumphe masiku angati. Mulibe batire, mulibe kompyuta, timano tokhatokha. Ndawajambulira mkuluyo pachikatoni, iwo angogwedeza mutu, akuti zimenezo anazimva kalekale kwa amene anawaphunzitsa ntchito, koma chiyambireni wotchi yotere sinafikepo patebulo pawo.

Nzeruyi ndi yakale. Thomas Mudge wa ku England anaiika m'wotchi ya m'thumba cha m'ma 1762. Yoyamba ya pamkono inapangidwa ndi Patek Philippe ku Geneva mu 1925, ndipo makina ake anali a mu 1898, opangidwira kawotchi kolendewera pachifuwa ka amayi. Mu 1955 a kampani ina, Audemars Piguet, anatulutsa ina yosonyeza pankhope pake kuti tili chaka chachingati mwa zinayi zija.

Koma imene osonkhanitsa mawotchi saigonera tulo ndi ya nambala 1518, yomwe Patek Philippe anayamba kupanga mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati. Anapanga 281 zokha. Zambiri ndi zagolide, zachitsulo zikudziwika zinayi. Imodzi mwa zachitsulozo inagulitsidwa pa okushoni ya Phillips ku Geneva mu Novembala 2016 pamtengo wopitirira pang'ono ma franc 11 miliyoni a ku Switzerland. Apa mnyamata uja wandidula: "Achimwene, chitsulo kuposa golide?" Eya. Anthu amenewa sagula kulemera kwa chinthu, amagula kusowa kwake. Amafunanso nkhope yoyambirira imene sinapentedwenso, ngakhale itafiira ndi ukalamba, ndipo chikopa chachitsulo chikapalidwa kwambiri kuti chiwale mtengo umagwa. Mkulu wathuyu, amene amanyadira kubweza wotchi ikung'anima ngati yatsopano, zimenezi zamukwiyitsa ndithu. Ine ndili mbali yawo pang'ono. Wotchi yokhala m'bokosi lachitsulo ku banki, yosamva kutentha kwa mkono wa munthu, sindikuona kusiyana kwake ndi ng'ombe imene mwini wake amangoiwerenga osaikama.

Ndipo wotchi yotere ikadzabwera kuno siingakhalitse. Zakalezo sizinapangidwe kuti zilimbane ndi madzi, pomwe ife chinyezi cha dzinja chimalowa ndi m'sutikesi momwe, osanena za madzi osefukira ngati a Freddy mu 2023. Ikaimanso kwa masabata angapo, kuibwezera tsiku, deti, mwezi ndi kamwezi kakumwamba kaja ndi ntchito yofuna mtima wodekha.

Chimene chawasangalatsa mkuluyo ndi nkhani ya 2100. Chaka chimenecho Febuluwale adzathera pa 28 ngakhale chikugawika ndi 4, popeza zaka zothera ndi maziro awiri zimalandira tsiku lowonjezera pokhapokha zikagawika ndi 400, monga 2000. Kagudumu kaja sikadziwa lamulo limeneli. Choncho pa 1 Malichi 2100 wotchi ya mamiliyoni idzati ndi pa 29 Febuluwale, bodza lomwelomweli la yanga lero. "Ndiye adzatifunabe," atero mkuluyo akutseka chivindikiro.

Andichenjezanso, monga amachitira nthawi zonse, kuti ndisamasunthe deti usiku, kuyambira cha m'ma 9 mpaka m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timano timakhala titalumana kale ndipo tingathyoke. Ndalipira, ndagula nsomba zowamba ndi tomato, ndabwerera wapansi chifukwa ya kabaza inathera pa nsombazo.

Kunyumba mayi a ana andifunsa chimene ndachedwera. Nditawafotokozera, aloza kalendala ya kutchalitchi ili pakhoma, akuti iyo ija ikunena zoona chiyambire m'mawa ndipo sinadye ndalama ya munthu.