Pamene ojambula a ku Ulaya anatopa ndi mafumu

Kale ku Ulaya ojambula ndi penti ankakonda kwambiri mafumu, angelo ndi nkhondo, poti olipira anali atchalitchi ndi anthu olemera. Mafakitale ndi sitima zapamtunda zitabwera zinthu zinatembenuka. Turner wa ku England mu 1844 anajambula sitima ikuthamanga pamlatho mvula ili pakati, utsi wokhawokha, moti umachita kumva liwiro lake.

Koma ine amene amandigwira mtima ndi a ku France. Courbet mu 1849 anajambula amuna awiri akuswa miyala m'mbali mwa msewu, zovala zong'ambika, nkhope osaoneka, chithunzicho chinawonongeka pa nkhondo mu 1945, zachisoni zedi. Kenako Millet mu 1857 anajambula amayi atatu akukunkha tirigu wotsala m'munda mwa eni, ndipo olemera a ku Paris sizinawasangalatse ayi chifukwa anali asanaiwale zipolowe za 1848, ankaopa amphawi akaonekera chonchi. Abale anga, ukachiyang'ana umangoona amayi athu a ku Nsanje atawerama m'munda wa mapira dzuwa likuswa mtengo, msana womwewo, kutopa komweko.

Penti wa m'machubu anabwera mu 1841, ojambula nkumatuluka panja mosavuta, Monet mpaka anakajambula siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris mu 1877. Nzokongola inde, koma antchito sawoneka bwino mmenemo. Achinyamata athu odziwa kujambula ndikufuna mupite ku Nchalo nthawi yodula nzimbe, mukajambule anthuwo ali bii ndi phulusa, osangoti mvuu ndi njovu zogulitsa kwa alendo.