Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: tsiku lomwe agogo anati ndiziwatchula kuti iwe

Paja gawo lapitalo tinalekezera nditatsika sitima pa Hauptbahnhof, siteshoni yaikulu ya sitima, ku Hannover ku Germany, chikwama chimodzi ndi jekete la pakaunjika ku Limbe lomwe ndinkalidalira kwambiri, koma kuzizira kwakeko kunalowa ngati sindinavale kanthu. Ine kukula konse kuja ndimayenda mu Hannover Avenue mtauni mwa Blantyre osafunsako kuti dzinali linabwera bwanji, ndinakamvera komweko kuti mizinda iwiriyi ili paubale kuyambira 1968.

Chijeremani chomwe ndinanyamula chinali cha mkabuku kanga, ndinkalemba ndikuonera mavidiyo pafoni, bandulo ikatha sukulu yawerukanso. Guten Morgen mmawa, Guten Tag masana, Guten Abend madzulo. Pofuna kunena dzina umati Ich heiße kenako dzina lako, heiße yo imamveka haise, ndiye ndinkangokumbukira aise wathu uja basi osaiwala. Kwanu nkuti amafunsa kuti Woher kommen Sie, iwe nkuyankha Ich komme aus Malawi, koma w iwo amatchula v ndiye chaka chonse ndinali wa ku Malavi, ndinasiya kuwakonza.

Manyazi oyamba ndinachita tsiku lomwelo. Ndafika usiku kunyumba komwe ndinkakakhala, mayi apakhomopo atsegula chitseko, ine mwaulemu wonse, dzanja lina litagwira pamkono, ndinati Gute Nacht. Anaseka mpaka misozi. Gute Nacht amanena pokagona, ndiye tangoganizani mlendo wangofika kumene pakhomo panu nkuyamba ndi gonani bwino!

Chinandisowetsa mtendere masabata oyamba ndi kufupika kwa moni. Munthu angoti Hallo kapena Moin, wadutsa. Moin yo ndi ya kumpoto, ndipo amanena nthawi iliyonse ngakhale dzuwa litalowa, kumwera ku Bayern ndiko amati Grüß Gott. Posiyana Tschüss, mwaulemu Auf Wiedersehen. Zoti mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, ana ali bwanji, palibe. Ndinayesapo kufunsa bambo ena positeji kuti Wie geht es Ihnen, kutanthauza muli bwanji, anandiyang'ana ngati ndikufuna kupempha ndalama. Funso limenelo ndi la anthu odziwana, ndipo ukafunsa konzeka, akuuza zoona, bondo, msana, zonse.

Koma pa Sie ndi du ndiye ndinali katakwe. Mkalasi ya madzulo anzanga ena ankavutika kuti kusiyana kwake nkotani, ine ndinangoti aaa, si inu ndi iwe basi? Wie heißen Sie kwa wamkulu kapena munthu wosamudziwa, Wie heißt du kwa mwana kapena mnzako. Akakufunsa moyo umati Gut, danke, und Ihnen, ndendende ndili bwino kaya inu.

Ndinkagwira ntchito yongodzipereka kunyumba yosamalirako okalamba. Kunali agogo ena aakazi, tsitsi mbuu, omwe ankanditchula Sie, ine kamwana koti nkukhala mdzukulu wawo, poyamba ndinkacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina. Mmawa uliwonse Guten Morgen Frau, ndikutchula dzina lawo la banja, iwo nkuyankha. Patapita miyezi ingapo ndikuwapatsa khofi anandigwira dzanja nkuti kuyambira lero tiziti du. Mnzanga wapantchito anandinong'oneza kuti umenewo ndi ulemu waukulu, wamkulu ndiye amayamba kupereka du, usakane.

Ndinavomera, Danke, koma pakamwa panakana. Ndikati ndinene du ndinkaona nkhope ya agogo anga aku Thyolo, kuwauza kuti iwe wadzuka bwanji, mwina ndikanagona ndi njala tsiku limenelo. Sabata yonse ndinkazemba, kumangoti Guten Morgen nkuthawira kukhitchini, mpaka Lolemba linalo anandiimitsa ndi ndodo yawo pakhomo nkuti sindituluka ndisananene. Ndinanena motsitsa, maso pansi, Wie geht es dir, kutanthauza iwe uli bwanji. Anati sanamve, ndibwereze mokweza.

Za Khirisimasi yanga yoyamba kumeneko ndilemba gawo likubwerali.