Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mbaula ya kukhitchini kwa agogo

Gawo lapitali ndinalekeza pamene ndinkalowa Fomu 3 pa CDSS ya kwathu ku Dedza, nditasamukira kwa agogo poti kwawoko kunali kufupi ndi sukulu. Chinali chaka cha 2008. Lero ndikambe za aphunzitsi athu a Physical Science, fizo ija, chifukwa ntchito imene ndikudyera panoyi inayambira m'manja mwawo.

Sukulu yathu inalibe labu. Zida zonse za sayansi zinkakwana m'katoni imodzi ya mu ofesi ya ahedi: themometa, maginito ndi mabatire otha kale. Titafika pa mutu wa kayendedwe ka kutentha, aphunzitsi anabwera ndi nyuzipepala yakale. Munali nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002. Anagwiritsa ntchito njinga yakutha, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugama. Kalasi yonse inatekeseka. Aliyense ankafuna makina ake mawa lomwe.

Aphunzitsi anangoseka. "Mnzanuyu anali ndi vuto lake la mdima m'nyumba. Inu lanu ndi liti?"

Anatiletsa kugwira hamala kapena waya kwa sabata yathunthu. Ntchito inali yopita kunyumba ndi kope n'kukayang'ana chinthu chimodzi chovuta pakhomo: akuvutika ndani, nthawi yanji, nanga panopa akuthana nacho bwanji. Gulu lathu linasankha nkhuni. Nkhalango ya Chongoni ndi yotetezedwa, mitengo ya m'minda inali itatha, ndipo makomo ambiri ankaphikira zitsononkho ndi mapesi chilimwe chisanafike n'komwe.

Ine moto ndinkaudziwa pouwotha basi. Tsiku limene ndinakhala pakhomo la khitchini ndi kope langa, agogo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Amunanga, kwagwanji lero? Kapena mwabwera kudzawerenga mitanda?"

Ndinawauza kuti tikufuna kuwapangira mbaula yosadya nkhuni, yopanda utsi. Sanayankhe msanga. Anathira ufa m'phala, n'kupanikiza mphika ndi kamtengo pamene dzanja lina likuvundula ndi mthiko. Mphika sunasunthe ngakhale pang'ono, mafuwa ataugwira mbali zitatu. Kenako analoza kudenga ndi mthiko womwewo. Pamwamba pa moto panali chimanga cha mbewu chomangidwa ndi makoko ake, chakuda bii ndi mwaye.

"Utsi ukachoka, nankafumbwe umuthamangitsa ndiwe?"

Madzulo amenewo kope linadzaza. Pa mafuwa pamakhala mphika uliwonse, wa ndiwo kapena wa thobwa, umangosuntha miyala. Nkhuni yaitali sufunika kuidula, umangoisonkheza. M'mwezi wa June, chisanu cha ku Dedza chikavuta, moto wophikira womwewo ndi umene ana amawotha. Mafuwa, omwe ife tinkawaona ngati chinthu chachikale, anali kugwira ntchito zambiri nthawi imodzi, ndipo mbaula yathu inkafunika kupambana pa nkhuni popanda kugonja pa zinazo. Mpaka lero ndimati gawo limeneli ndi limene ophunzira ambiri amalidumpha, ngakhale a kukoleji. Amathamangira kujambula chinthu chokongola asanakhale pansi ndi munthu wodzachigwiritsa ntchito. Ndaonapo mbaula zogawidwa ulere m'midzi zitasanduka poikira mazira nkhuku, ndipo sindinadabwe.

Titabwerera m'kalasi, aphunzitsi anatipatsa malire: osagula kanthu, zonse zipezeke m'mudzi. Anati aliyense ajambule maganizo ake, ngakhale opusa, ndipo wina asaseke mnzake mpaka onse atapachikidwa pabolodi. Panali ya chitini, ya njerwa, ina ya chumuni chachitali kuposa nyumba. Funso lawo lomaliza ndi limene linatizunguza mutu: "Mudzadziwa bwanji kuti yanu yapambana mafuwa?"

Apa ndi pamene tinaphunzira kuyeza. Tinabwereka sikelo kwa bambo wina wogula soya pamsika. Madzi malita 5, sefuliya imodzimodzi, nkhuni za mtengo umodzi zouma mofanana, kuziyeza tisanakoleze ndiponso madzi akawira. Wotchi inali ya aphunzitsi. Themometa inatidabwitsa: madzi akubwadamuka koma yaima pafupifupi pa madigiri 95, osafika 100 wa m'buku. Tinkati yafa. Aphunzitsi anatikumbutsa kuti Dedza ili pamtunda wa mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda kotere mpweya supanikiza kwambiri, choncho madzi amawira asanafike 100. Phunziro limenelo silinachokenso m'mutu.

Mbaula yoyamba inali ya dothi la pachulu, makoma ochindikala, yolemera moti anyamata awiri sankaitha. Pa sikelo inadya nkhuni zofanana ndi mafuwa, ndipo madzi anachedwa kuwira. Chifukwa chake chinali m'buku lathu lomwelo: dothi lolemera limayamba lamwa kutentha lokha lisanapereke ku mphika. Yankho linachokera kwa mtsikana wina wa m'gulu mwathu amene mayi ake ankaumba miphika. Anatitengera kudambo kumene amakumba mtapo, natiphunzitsa kuuponda ndi kuusiya ugone. Aphunzitsi anawonjezapo za utuchi. Ukausakaniza ndi dongo, mbaula ikaotchedwa utuchiwo umapsa n'kusiya timabowo tating'onoting'ono ta mpweya, ndipo mpweya wotsekeredwa sulola kutentha kudutsa msanga. Makoma anapepuka, moto n'kukhala m'kati.

Chotsatira chinali mpata wa pakati pa mphika ndi khoma. Ukakula, malawi amangodutsa osakhudza mphika. Ukachepa, moto umabanika, utsi n'kubwerera kukhomo la nkhuni. Tinkasintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa aphunzitsi ankakana zosintha ziwiri nthawi imodzi, amati sudzadziwa chimene chathandiza. Mpata wolowa chala chimodzi ndi umene unachita bwino. Tinaikanso kachitsulo pansi pa nkhuni kuti mpweya uzilowa chapansi.

Mayeso enieni anali a agogo. Madzi owiritsa iwo analibe nawo ntchito, anatereka nsima. Atangoyamba kuvundula, mphika unagwedera, iwo n'kuima.

"Iyi ndi ya tiyi, amunanga. Ya nsima mudzabwere nayo."

Tinabwerera kudambo. Tinakulitsa tsinde, n'kuumba timapewa titatu pamwamba kuti mphika uzilowa pang'ono m'kati. Timapewato tinali mafuwa omwe aja, kungoti aang'ono. Imeneyo anailandira. Muyeso wawo sunali wa sikelo: anati mtolo umene unkatha masiku awiri tsopano ukufika lachitatu.

Mafuwa sanawachotse. Ankaphika pa mbaula nyemba ndi nsima ya masana, koma m'nyengo yozizira madzulo ankakoleza pa mafuwa kuti adzukulu awothe ndiponso mbewu ilandire utsi wake. Vuto la nankafumbwe gulu lathu silinalithe, ndipo aphunzitsi anatilembetsa zimenezo m'lipoti momveka bwino, pansi pa zotsatira.

Patapita zaka, mu 2013, boma la Pulezidenti Joyce Banda linalengeza cholinga choti mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020, ndipo Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dongo n'kuotchedwa, inayamba kupezeka m'misika yambiri. Ndinagula imodzi n'kupita nayo kumudzi. Agogo anaizunguza, anaigogoda ndi chala kumva ngati inapsa bwino, kenako anatuma mwana kukatenga mthiko.

Gawo lotsatira ndidzakamba za mayeso a MSCE ndi mmene ndinapezekera ku Blantyre ndili ndi chikwama chimodzi.