Zimene ndaphunzira pa kukonza bafa lodyedwa ndi dzimbiri

Pa maphunziro anga a ntchito za mipope tafika pa gawo la mabafa achitsulo osambiramo, aja ataliatali oyera, ndipo mfundo imene yandikhala m'mutu ndi yakuti choyera chimene chimakuta bafa lotere si penti ayi, koma galasi. Galasi limeneli, lotchedwa enamel, amalisungunulira pa chitsulo m'ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 700. Luso lake ndi lakale ndithu, pakuti mu 1883 John Michael Kohler wa ku Wisconsin, ku America, anakuta ndi enamel chomweramo mahatchi chachitsulo n'kuyamba kuchigulitsa ngati bafa. Kwa wokonza, izi zikutanthauza kuti chilichonse chimene angapake ndi burashi ndi chigamba chabe, ndipo kulimba kwa chigambacho kumadalira ntchito imene yachitika pansi pake.

Dzimbiri limayamba pamene galasilo lagamphuka kapena kung'aluka, madzi ndi mpweya n'kufika pa chitsulo. Chimene chimalichititsa kukhala lovuta n'chakuti limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, choncho likamakula limatukula galasi kuchokera pansi, galasilo n'kusweka, madzi n'kupeza njira yatsopano. Aliyense amene anaonapo mbale ya enamel itagwa pansi akudziwa mmene kadontho kakuda kamakulira mpaka mbaleyo kubooka. N'chifukwa chake bala limene likuoneka ndi maso nthawi zambiri limakhala laling'ono poyerekeza ndi limene labisala, makamaka mozungulira potulukira madzi ndi pansi pa mpope wodontha. Mpopewo uyenera kukonzedwa choyamba, apo ayi ntchito yonse ipita pachabe.

Tisanagwire sandipepa, tinaphunzitsidwa kutsimikiza kaye ngati kufiirako kulidi dzimbiri la bafalo. Maginito akakana kumata, bafalo ndi la pulasitiki kapena la fibreglass ndipo silingachite dzimbiri. Komanso madzi ena, monga a m'mijigo ina, amakhala ndi chitsulo chambiri chimene chimasiya mawanga ofiira pamwamba pa galasi labwinobwino, ndipo amenewa amachoka ndi viniga kapena madzi a mandimu. Ambiri amathamangira Jik, koma mankhwala oyeretsera a mtundu umenewu sachotsa dzimbiri, m'malo mwake amangolilimbikitsa.

Dzimbiri likakhala lenileni, ntchito yaikulu ndi kupala. Timapala mpaka chitsulo chiwale, ndipo timapitirira pang'ono m'mphepete mwa balalo kufikira pamene galasi lagwira zolimba, chifukwa kusiya galasi limene latukuka kale n'kutsekera dzimbiri m'kati. Potulukira madzi pakakhala pokhudzidwa, chitsulo chake chozungulira chimasulidwe, ngakhale kuti ambiri amachita nazo ulesi. Kenako timapaka mankhwala okhala ndi phosphoric acid, amene amasandutsa dzimbiri lotsalira m'timaenje kukhala iron phosphate, yakuda ndi yosafalikira. Malowo akatsukidwa, kuuma kotheratu ndi kupukutidwa ndi acetone kuti mafuta a sopo achoke, m'pamene timasakaniza epoxy, yomwe ndi guluu wolimba wa magawo awiri, n'kumata. Ikauma timasalaza ndi sandipepa ya m'madzi ya nambala 400, kenako ya 600, mpaka chala chisamvenso malire a chigamba, ndipo pomaliza timapaka penti yopangidwira mabafa. Masiku odikira olembedwa pa chitini asadulidwe, ngakhale eni nyumba atakakamiza kuti akufuna kusamba.

Mbali imene inandiopsa ndi ya mankhwala ochotsera penti yakale imene ena anapaka pokonza bafa m'mbuyomu. Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC linalengeza mu 2012 kuti anthu 13 ogwira ntchito yokonza mabafa anamwalira pakati pa 2000 ndi 2011 atapuma mpweya wa methylene chloride, amene amapezeka m'mankhwala ena ochotsera penti. Mpweya wa mankhwalawa ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero umadzaza m'bafamo, momwemo mmene wokonza waweramitsira mutu wake, m'kachipinda kamene kawirikawiri kali ndi kawindo kamodzi kakang'ono. Ine ndasankha kupala ndi manja, ngakhale kuti kumachedwetsa ntchito, ndipo ngakhale popaka epoxy chitseko ndi windo zizikhala zotsekula.

Si bafa lililonse limene liyenera kukonzedwa. La chitsulo chokhuthala chothira m'chikombole, cholemera moti amuna awiri amavutika kulinyamula, limapirira, ndipo dzimbiri limatenga zaka zambiri kuti liliboole, choncho kulikonza n'kwanzeru. Koma la chitsulo chopyapyala likabooka potulukira madzi, chigamba sichikhalitsa, popeza pansi pake pamapindika pang'ono munthu akaimapo, epoxy n'kung'aluka, madzi n'kumalowa pansi osaoneka. Pamenepo ndibwino kuuza mwini nyumba mosabisa kuti agule lina.