Masamba ouma a ku Alexandra Park

Lachiwiri. Mawu a mnyamata uja sakundichoka m'mutu. Ndi mdzukulu wa Amalawi anzathu a ku Mbare, amaphunzira za zomera, ndipo tinakumana ku National Botanic Garden, munda wa zomera wa ku Alexandra Park, kuno ku Harare. Akuti, "Madala, kuumitsa masamba n'kutaya nthawi, foni imatchula dzina la mtengo pompopompo."

Komatu foniyo imatchula zimene wina anatchula kale. Pabwalo lomwelo pali National Herbarium yosunga zomera zouma pafupifupi 500,000, ndipo chilichonse chinadutsa m'manja mwa munthu.

Ntchito yake ndi iyi. Umadula nthambi yokhala ndi maluwa kapena zipatso, poti masamba okha amanamiza. Isapitirire masentimita 40 kuti ikwane papepala. Umaiyala pakati pa nyuzipepala, tsamba limodzi n'kulitembenuza kuti kunsi kwake kuzioneka, kenaka makatoni, matabwa, n'kumanga zolimba ndi malamba. Masiku oyamba nyuzipepala uzisintha tsiku ndi tsiku. Ukachita ulesi, makamaka dzinja, zimachita nguwi n'kuda bii. Zikauma uziike mufiriji yozizira madigiri -20 Celsius kwa mlungu wathunthu kuti tizilombo tife ndi mazira omwe. Kale ankapaka mercuric chloride, poizoni weniweni, choncho ukagwira mapepala akalewo usambe m'manja. Ndiye kapepala kolemba malo, tsiku, dzina la wotola, nambala yake, ndi mtundu wa duwa, chifukwa likauma limasuluka. Popanda kapepalako wasunga zinyalala.

Anamvetsera, koma chala chili pafoni.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi Chilatini. Kuyambira 1935 mpaka 2011, wotchula chomera chatsopano ankayenera kuchifotokoza m'Chilatini. Mu 2012 anavomereza Chingerezi. Chabwino, katundu anapepuka, koma mafotokozedwe akalewo awerenge ndani? Mkungudza wa ku Mulanje unapatsidwa dzina loti Widdringtonia whytei mu 1894, polemekeza Alexander Whyte, katswiri wa zomera. Mabuku a Flora Zambesiaca, ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, anayamba kutuluka mu 1960. Odziwa kuwagwiritsa ntchito, galasi lokuza zinthu kakhumi lili m'manja, kuwerenga tizigawo ta duwa, ambiri ndi a imvi. Achinyamata athamangira ku DNA, zoyeza chibadwa cha chomera, kumene kuli ndalama za kafukufuku. Sindikuwadzudzula, pakhomo pamafunika ufa. Koma DNA ya chomera chotchulidwa molakwika ndi bodza lokwera mtengo.

Ndinamufunsa kuti mlombwa, umene kuno amati mukwa, angauzindikire ndi chipatso chokha? Anaseka, akuti abweranso Loweruka ndi nyuzipepala zakale. Kaya.