Aphiri a sokosi ndi ulusi wofiira umene ndinabwereka

Lachitatu usiku, kuno ku Dedza.

Ndikulemba izi zala zikuwawa. Chala chachikulu cha kumanja chili ndi kabala ka singano, ndipo patebulo pano pakhala mlendo amene akundiyang'anitsitsa ndi maso a mabatani, chidole cha sokosi chimene ndasoka lero. Mdzukulu wanga wamutcha Aphiri. Ine ndimati akhale Abanda ngati kwathu, koma mwana wa Sitandade 3 akagamula mlandu palibe apilo.

Kunacha ndi chifunga chija chimene chimameza phiri lonse, moti mlendo ataima pakhonde pathu sangakhulupirire kuti kuseri kwa nyumbazi kuli phiri la mamita pafupifupi 2,200. Achibale a ku Salima amandiseka ndikawauza pafoni kuti ndagona ndi sokosi, koma abwere mu Juni adzaone. Madzi a mundowa amaluma. Ndinakoleza mbaula, kuika tiyi ndi mbatata, kenako kukhala pamkeka ndi sikafu ya nambala 9.

Nkhani ya masikafuwa idayamba mu Epulo. Amayi a kumpingo kwathu tidagwirizana kuti chisanu chisanafike pachimake tikhale titalukira agogo okalamba a m'midzi ya mbali ya ku Bembeke masikafu ndi zipewa. Aliyense adatchula nambala yake. Ena adati 4, ena 6. Ine pakamwa padathamanga, ndidati 12. Mawa Lachinayi ndiye tsiku lopereka.

Ulusi wa m'sitolo tidausiya. Chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mpukutu umodzi umangouyang'ana pashelefu n'kupitirira. Ndiye timagula majuzi a pa kaunjika n'kuwamasula. Apa ndi pamene pali luso, ndipo ndikulemba kuti wina asataye ndalama monga ndidatayira ine poyamba. Juzi uyambe waitembenuza, uone msoko. Ngati m'mbali mwake adachita kudula nsalu ndi makina n'kukulunga m'mphepete ndi tiulusi tambirimbiri, isiye, chifukwa mzere uliwonse udadulidwa ndipo ungopeza tizidutswa totalika ngati mkono. Yabwino ndi imene zigawo zake adaluka pazokha n'kuzilumikiza, msoko wake umaoneka ngati katcheni. Ukapeza nsonga yake n'kukoka, umangomva prrrr, dzanja la juzi lagwa palokha. Ulusi womasulawo umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi la mu saluni. Ndimauzunguliza kumsana kwa mpando kuti ukhale nkhata, kuumanga malo anayi, kuuviika m'madzi ofunda ndi kasopo, kenako kuuyanika nditamangirira kabotolo ka madzi kumunsi kuti uwongoke.

Palinso kuyesa ndi moto. Ukatentha kansonga, ulusi wa ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa losavuta kufikisa. Wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kakuda. Majuzi ambiri a pa kaunjika ndi a pulasitiki, ndipo sindiwanyoza, amachapika bwino. Koma mu Meyi tidapeza juzi imodzi yofiira ya ubweya weniweni, yofunda ngati mwana wakhanda. Amayi apampando adailemba m'kope lawo, mipukutu 5, ndipo iwiri adandipatsa ine kuti ndiluke sikafu imodzi yabwino ya agogo ena amene amakhala okha. Mukumbukire ulusi wofiirawu, tibwererako.

Sikafu ya 9 ndinaimaliza cha m'ma 10 koloko. Ndimayamba ndi masitichi 30, n'kumaluka puleni yekhayekha mizere yonse mpaka ifike mita ndi theka. Anzanga ena amati kaluko kameneka ndi ka ana a sukulu, iwo amakonda kaluko kosalala ka pa juzi. Kokongola inde, koma kamapindika m'mbali sikafu n'kusanduka ngati chingwe cha mbuzi, pamene ya puleni imagona phwa ndipo imakhuthala. Agogo akufuna kufunda. Singano zanga ndi za nsungwi, abambo akunyumba adasema n'kupala ndi phale la botolo, ine n'kuzipaka kandulo kuti ziziterera. Masipoko a njinga amene amayi anga adandiphunzitsira ndimawasungira tizipewa ta makanda, kwa sikafu amachedwetsa.

Munthu wanzeru akanayamba ya 10 nthawi yomweyo. Ine ndinatsegula chikwama cha zigamba.

Chidolechi chakhala chikundivuta mumtima kwa milungu iwiri. Lachisanu lililonse ndimathandiza pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'dera lathu, ana 30 ndi kuposerapo, ambiri a zaka 4 ndi 5. Chichokereni kolera wa 2022 ndi 2023 uja, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tili ndi lamulo loti palibe phala popanda kusamba m'manja. Koma m'nyengo ino madzi ndi ozizira, ana amangonyowetsa nsonga za zala n'kuthawa. Ndalankhula mpaka kusasa mawu. Ndinaganiza kuti mwina wina alankhule m'malo mwanga, wina amene alibe nkhope ya agogo olongolola.

Ndinatenga sokosi yotuwa ya abambo, ija inataya inzake chaka chatha. Pakamwa ndiye pamene pagona chidole chonse, zina zonsezi ndi zokometsera. Ndinadula katoni ya sopo mozungulira ngati dzira, kukula kwake kofanana ndi chikhatho changa zala zitatambasuka pang'ono, n'kuipinda pakati. Ndinang'amba sokosi kumapeto kwa zala, kumata kansalu kofiirira pakatoni, n'kusokerera m'mphepete mozungulira. Ulendo woyamba ndinalakwitsa: katoni inakula, Aphiri anatuluka ndi kamwa la ng'ona. Ndinamasula, kudula pang'ono, kusokanso. Apa ndi pamene singano inandilowa. Pamwamba pa zala ndinaikapo thonje la mu pilo wakale kuti mutu utukuke, chifukwa popanda zimenezo chimangooneka ngati njoka.

Maso anandidya nthawi yoposa imene ndimayembekeza. Ndinayamba ndawaika kutali, pamwamba, chidole chinaoneka chopusa, chosayang'ana kalikonse. Nditawasendeza pafupi ndi mphuno, moyandikana, mwadzidzidzi chinandiyang'ana. Ndinachita kachidima pang'ono, sindinama. Mabatani oyera aakulu pansi, akuda aang'ono pamwamba pake, akudawo opendekera mkati pang'ono pokha.

Ndili mkati mosoka ndevu za khonje, anafika anzanga a nyumba ya kuseri kudzapempha moto. Anaima pakhomo, kuyang'ana chinthu chili m'manja mwanga, kuyang'ana ine.

"Amayi, kodi using'angawu mwauyamba liti? Ndani wakulakwirani?"

Ndinalowetsa dzanja m'sokosi, Aphiri anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwayankha ndi mawu a pakhosi: "Amene sabweza sefa ya eni." Anaseka mpaka kukhala pansi, makala kutsala pang'ono kugwa pa phale. Sefayo yabwera madzulo ano, patatha mwezi wathunthu. Komabe mawu awo andipatsa maganizo. Kwathu kuno kachinthu kosokedwa kokhala ndi tsitsi ndi maso sikaoneka kosewera kwa aliyense. Ndaganiza kuti Lachisanu ndiyambe ndaonetsa makolo obwera kudzaphika phala, aigwire okha, aone kuti ndi sokosi ya abambo ndi katoni ya sopo, mwana asanakanene kunyumba kuti kusukulu kuli kamunthu kolankhula.

Mdzukulu anaweruka cha m'ma 12, ndipo ntchito yonse inasintha mwini. Anataya chikwama pakhomo, nsima osaifunsa. Iye ndi katswiri wa magalimoto a mawaya, ndiye anati, "Agogo, munthu wamkulu ngati uyu alibe magalasi?" Anapinda waya mozunguliza pa batire la tochi kawiri, magalasi anatuluka ozungulira bwinobwino, ine n'kungowasokerera pamphuno. Kenako anafuna khasu. Tinadula chivundikiro cha chitini cha matimati, ine ndinapinda m'mphepete ndi pulayala kuti chisacheke mwana, iye anasema kampini ka nthambi ya gwafa, kokhala ndi mutu wake ngati mpini weniweni. Chipewa ndinaluka ndi mlaza umene ndinasolola ku chikupe chakutha. Chinakana kukhala pamutu, chimangogwa Aphiri akatsegula pakamwa, mpaka ndinachisokerera malo atatu. Malaya ndi kachigamba ka chitenje cha buluu, mkono umodzi wokha wofutsa thonje, womangirira ku sipoko kuti ndizitha kukweza khasu ndi dzanja lamanzere.

Titamuimika, mwana anamuyang'ana kwa nthawi n'kunena kuti, "Akumva kuzizira." Khosi la sokosi linalidi lalitali, lamaliseche.

M'chikwama cha zigamba munali ulusi wotuwa ndi wa khofi, wanga ndithu, wosalembedwa m'kope la munthu. Koma pa sokosi yotuwa sukanaoneka. Maso anga anagwera pa mipukutu iwiri ija. Ndinadziuza kuti ndi pang'ono chabe, mikwamba ingapo, ndani angaone. Ndinayamba ndi masitichi 6 pa masipoko, mphindi 20 kasikafu katha, ndi mphonje zake kumapeto. Aphiri atavala anasanduka munthu wa ulemu wake, ngati mkulu wa mpingo wopuma. Kunena zoona sindinaone chisoni ngakhale pang'ono nthawi imeneyo.

Abambo atabwera kumunda anaima, anayang'ana, n'kungoti, "Sokosi yangayo yapeza ntchito msanga kuposa ana a Fomu 4." Anapita kukasamba.

Masana onse tinaphunzira kumulankhulitsa. Ndazindikira kuti pofuna kutsegula pakamwa uyenera kutsitsa chala chachikulu, zala zinayi za pamwamba zikhale chete. Ukamakweza za pamwamba, mutu umagwera chagada ndipo maso amayang'ana kudenga, ngati munthu amene akumeza mankhwala. Ndiponso pakamwa pazitseguka pamene mawu akutuluka. Ine ndimachita mosemphanitsa, kutseka polankhula ngati akuluma mawu ake omwe, mwana ndiye anandigwira. Tinayesa nthano. Aphiri anati "Padangokhala," mdzukulu ndi anzake awiri amene anali atasonkhana pazenera anayankha "Tili tonse!" osachita kuwauza. Nthano yake sindinaikonze bwino, ndi ya mlimi amene amadya asanasambe m'manja akachoka kumunda mpaka m'mimba munayamba kulira ngati ng'oma. Pomwe Aphiri amagwira pamimba n'kubuula ndi pomwe anawo anagubuduka. Mmodzi anafunsa ngati Aphiri amasamba ndi madzi ozizira. Funso labwino, ndilibe yankho. Mwina Lachisanu tizitenthetsako madzi pamoto wa phala.

Dzuwa litapendeka ndi pamene ndinakumbukira kuti ndili ndi ngongole ya masikafu atatu. Ndinayamba yofiira ija, ndikuthamanga, ubweya ukuterera bwino pansungwi. Magetsi anazima cha m'ma 6 koloko, koma puleni safuna maso, zala zimadziwa zokha njira. Tinadya nsima ya nyemba ndi mpiru pa kandulo, ine n'kubwerera pa singano. Cha m'ma 9 mpukutu wachiwiri unayamba kupepuka m'manja, kenako nsonga inatulukira. Ndinayeza ndi tepi: kwatsala masentimita 12 kuti ifike pa muyeso umene tidagwirizana.

Ndakhala ndikuwerengera kuti kasikafu ka Aphiri kakanakwanira kutseka pamenepo kapena ayi. Mwa masamu anga sikakanakwanira, ndi kakang'ono kwambiri, mwina mizere itatu kapena inayi basi. Abambo akuti masamu a wakuba amatuluka bwino nthawi zonse. Ndinaganizako zomasula kasikafuko, ndinafika pogwira mphonje, koma nditayang'ana mdzukulu ali m'tulo, ndinasiya. Ndamaliza ndi ulusi wanga wa khofi, n'kutola masitichi ku mbali inayo kuikanso mzere wa khofi wofanana kuti zioneke ngati ndinachita dala. Yatalika kuposa muyeso tsopano, ndipo mwa ine ndekha ndikuti yakongola kuposa ikanakhala yofiira yokhayokha. Koma amayi apampando adaphunzitsa masamu ku pulayimale zaka zambiri, ndipo kope lawo limati mipukutu iwiri.

Ndiye mawa ndikupita ndi masikafu 10 m'malo mwa 12. Awiri otsalawo ndipempha sabata imodzi, Julayi akubwera ndi chisanu chake, sadzasowa khosi. Za ulusi wofiira ndiulula ndekha asanafunse, ndipo ndapatula juzi yanga yobiriwira, imene idandithina kalekale, kuti ilowe m'kope ngati chindapusa. Mdzukulu asanagone anati Aphiri apite nawo akapepese okha poti ndiwo avala katunduyo. Tsopano ndawachotsa patebulo n'kuwaika m'chikwama, pamwamba pa masikafu. Khasu lawo laguluka pampini pomwe ndimawalowetsa, ndilimanga m'mawa kukayera.